Simbi imaluma ine ndekha

Agogo,

Pepani kwambiri kuti ndikukuvutitsani, inu a ntchito zambiri. Kalatayi ndailemba katatu kuti isakhale ndi zofufuta.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa kuno ku Rumphi ndi a Hezron, kalaliki wa pa boma. Nyumba yathu ili ndi magetsi, ndiye anandigulira simbi yamagetsi. Chogwirira chake chitang'ambika, iwo anachimanga bwinobwino ndi waya.

Chiyambire pamenepo simbiyo imandiluma. M'mawa ndikakolopa, ndikangoti ndisite, dzanja lonse limachita dzanzi mpaka m'mano. Koma a Hezron akabwera masana ndi nsapato zawo zakuntchito, amaigwira osamva kanthu. Amati, "Mantha basi, iwe."

Sabata yatha apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Chitimba. Pamaso pawo sindivala patapata, ndi ulemu umene anandiphunzitsa kwathu. Ndikuwasitira nsalu yachipani yoti akavinire pa 6 Julaye, simbi inandiluma mpaka ndinakuwa. Anayang'ana ine, anayang'ana simbi, ndiye anaithokoza m'Chitumbuka nati, "Yewo chomene, chitsulo, wandiuza. Mwana wanga sichimuluma. Mkamwana, ukubisa chiyani?"

Agogo, ndafufuza mumtima mwanga. Ndinadya kagwafa kamodzi ka kwa a Mabel oyandikana nawo, koma kanali kogwa kale. China palibe.

Tsopano aitana ankhoswe Lamlungu likubwerali, akuti ndidzaigwire pamaso pa onse. Ikandiluma, ndibwerere ku Dedza. Chonde ndiyankheni msanga m'nyuzi yanuyi, masiku atha.

A.P., Rumphi Boma

Mdzukulu wanga A.P.,

Za gwafayo ndakukhululukira. Tsopano tchera khutu.

Simbi si mwavi. Ukasiya supuni yachitsulo mu tiyi imakuotcha, koma mthiko umatakasira phala lowira osapsa dzanja. Magetsinso amasankha njira choncho. M'chitsulo amathamanga, m'madzi ndi m'thupi la munthu amadutsa, koma pa mphira, pulasitiki ndi mtengo wouma amakanika. Simbi yakoyo yawonongeka mkati, magetsi akutulukira ku chitsulo chake. Chogwirira chinali chokutchinjiriza, koma wina anachiveka waya. Iwe waima pa simenti yonyowa wopanda nsapato, ndiye magetsi akulowera kudzanja, kutulukira kumapazi. Amuna akowo akuwapulumutsa ndi mphira wa pansi pa nsapato, osati khalidwe.

Lero lomwe izule pakhoma, uibise. Kabwereke simbi yamakala kwa a Mabel. Yakoyo ipite kwa wokonza zamagetsi, osati kwa akalaliki. Ikabwerako, uzisita pouma, manja ouma, patapata kuphazi. Ulemu sukhala m'zidendene.

Lamlungu usaigwire, ngakhale akukakamize bwanji. Chinthucho chimapha, ndipo sichifunsa kaye ngati munthu ndi wokhulupirika. Ankhoswe akakhala pansi, uwapatse nyuzi ino, a Hezron awerenge mokweza, poti ndiwo ophunzira. Apongozi akakanabe, uwafunse mwaulemu, utagwada, ngati angalole mwana wawo avule nsapato aigwire pamalo pokolopa. Udzaona mlandu ukutha pomwepo.

Koma chenjera: akati avuledi, uwagwire mwendo, usalole. Wamasiye sasangalala ndi kupambana mlandu. Ndipo ankhoswewo asabwerere chabe. Awafunse amuna akowo kuti wayayo anamanga ndani.

Agogo