Mizere Inayi Pamwala wa Bambo

Lachiwiri, 9 Seputembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, ine ndikupitabe kushopu yosoka mayunifolomu kuja ngati kale. Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pafoni mumakhala pa liwiro, ndikangoyamba nkhani mumati, "Mlongo, ndili pakati pa ntchito, ndikuyimbiranso," ndipo kuyimbako sikufika. Ndiye lero mundipirire, muwerenge mpaka pansi.

Nkhani ndi ya chiliza cha bambo. Ndakatulo yachingerezi munatumiza ija, yoti izokotedwe pamwala, ndinailandira. Ndikuikopera pano kuti muionenso, mwina munailemba mothamanga:

We held your hand through every pain,
We sat with you in sun and rain,
You left us smiling, free from care,
And when you called us, we were there.

Kunena zoona, nditaiwerenga koyamba ndinati koma achimwene mutu ulipo. Imatsetsereka pakamwa ngati nyimbo ya ana a sukulu. Khutu linakondwa, sindinalabadire n'komwe zomwe ikunena, ndinangoisunga.

Loweruka lina mwezi wathawu tinapita ndi mayi kwa wozokota miyala, kuseri kwa depoti ya mabasi. Anthu amawatchula a Fumbi, poti kuyambira nsidze mpaka nsapato amakhala mbuu. Pabwalo pawo miyala yakuda yatsamira khoma, ina yolembedwa kale mayina, ina ikudikira eni ake. Makina odulira anali kulira, madzi amatope akuyenderera pansi. Mayi anakhala pabenchi atavala diresi yawo yabuluu ya kutchalitchi, chikwama chili pamiyendo.

A Fumbi anapukuta manja, n'kuwerenga mokweza mutu ukugwedera. "Eee, iyi ndiye ya munthu wophunzira! Pain ndi rain, care ndi there. Mawu amenewa amayenda awiriawiri ngati nsapato, mayi. Ndawazokota kambirimbiri, dzanja limangopita lokha. Munthu akabweretsa love ndimadziwiratu kuti above ali m'njira, akati rest ndiye kuti best sachedwa."

"Nanga akuti chiyani?" anafunsa mayi.

"Ndi mawu okoma basi, otonthoza. Anthu safunsa zimenezo."

"Ine ndafunsa. Mwalawu ukakhala kumutu kwa mwamuna wanga." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, tandimasulire, mzere umodziumodzi."

Ndinayamba mtima uli m'malo, osadziwa kuti ndikuponda pamoto. "Akuti tinagwira dzanja lanu pa ululu uliwonse. Pain ndi ululu."

"Tinagwira, ndani ndi ndani?"

"Ife ana anu."

Anandiyang'ana kanthawi. "Pitiriza."

"Akuti tinakhala nanu padzuwa ndi pamvula. Rain ndi mvula."

"Mvula itinso? Bambo ako anadwalira m'chipinda. Denga lathu limadontha?"

A Fumbi anaseka mpaka kutsokomola, n'kufotokoza kuti mvulayo yangobwera kudzaperekeza ululu, kuti mizere ithere mofanana. Mayi sanaseke. Anangoti, "Oo, ndiye kuti mawu ena ndi ongoperekeza."

Mzere wachitatu ndinaunena motsitsa mawu: munatisiya mukumwetulira, mulibe nkhawa. Apa mayi anangoyang'ana zala zawo. Inu simunaone, ndiye ndikuuzeni. Matenda aja atawagwira mbali yakumanja, pakamwa pa bambo panapotoka, ndipo kumwetulira kunathera tsiku lomwelo. Supu ndinkawamwetsa cha kumanzere, theka n'kumatayikira pathaulo. Nkhawa ndiye anali nayo, imodzi yokha, ndipo inu mukuidziwa.

Nditafika pa mzere womaliza ndinaima. Mayi anandigwira mkono. "Wakhala chete bwanji? Malizitsa."

"Akuti pamene munatiitana, tinalipo."

Achimwene, bambo ankaitana munthu mmodzi. Pulofesa. Dzina lija anakupatsani muli mwana, pomwe munkaima pa tebulo m'shopu yawo yokonza mawayilesi n'kumalakatula tindakatulo tachingerezi, makasitomala akuwomba m'manja. Pa matenda paja, chitseko chikangolira, iwo, "Pulofesa wafika?" Kaya ndi namwino, kaya ndi wodzawerenga mita ya madzi, funso linali lomwelo. Ine dzina langa linali iwe. Iwe madzi, iwe nditembenuze, iwe beseni. Za beseni sindidandaula, anali bambo anga. Koma ndinakuyimbirani, munati mwezi wamawa. Wamawawo utafika munati kuntchito akukaniza tchuthi. Masana a tsiku lomaliza anafunsanso, lilime likulemera, ine n'kuwauza kuti muli m'njira, poti ndikanati chiyani? Pamaliro panafika nkhata yanu ya maluwa, yaikulu kuposa zonse, anainyamula amuna awiri.

Ndinasiya mayi pabenchi paja n'kutuluka kumsewu kukakuyimbirani. Mwamwayi tsiku limenelo munayankha. Mukukumbukira zomwe munanena? Ine ndikukumbukira liwu lililonse. Ndinafunsa kuti amene analipoyu ndi ndani, inu n'kuseka.

"Mlongo, usaitenge ngati umboni wa kukhoti. Ndi ndakatulo imeneyo. Care amafuna mnzake womveka mofanana, ndiye ndikanaikapo chiyani? Chair? Hair? Share? Ndilembe mpando pamanda a bambo?"

Munasekanso, n'kuti wina akukuitanani, foni thi.

Ndinaima pamenepo mabasi akundiimbira mahutala, mawu anu atatu aja akuzungulira m'mutu. Chair ndi mpando. Abale, mukanalemba mpando mukananena zoona! Bambo anandiuza ndikokere mpando wofewa wa pabalaza uja pafupi ndi bedi, kuti Pulofesa akafika asavutike, ndipo sankalola munthu kukhalapo. Abusa atabwera kudzapemphera anakhala pa kastulu ka kukhitchini, mawondo ali kuchibwano. Hair ndi tsitsi. Limenelonso likanakhala loona, poti ndinkawameta ndine, ndi sizasi yanga ya kuntchito, iwo akudandaula kuti ndikuwadula makutu. Share ndi kugawana. Limenelo munachita bwino kulisiya, chifukwa pa matenda aja sitinagawane kanthu. Mawu omveka mofanana anali mbwee, inu munatola loti likuyeretseni.

Ndinabwerera mkati mtima ukuwira. Ndinauza a Fumbi kuti ndakatulo aisiye, alembe dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira, basi. Iwo anakweza manja. "Gwirizanani kaye, amayi. Mwala si bolodi ya kusukulu. Ndikadula, ndadula."

Ndinali wotsimikiza kuti mayi ali mbali yanga. Si iwo anafunsa za mvula? Si iwo ankachapa nane zofunda m'mawa uliwonse? Koma anatsegula chikwama, n'kutulutsa kampango, n'kupukuta fumbi pamagalasi awo mosafulumira.

"Zokotani momwemo, bambo. Osasiyapo liwu."

"Mayi! Mwamva zomwe akunena?"

"Ndamva bwino kuposa iwe. Kumanda kumadutsa anthu odziwa kuwerenga. Azibale a bambo ako, anzawo a kusukulu a achimwene ako. Pamaliro paja ananena zambiri, ndinkamva ndili chogona. Mwala ukangokhala ndi dzina lokha adzati mwana uja ngakhale mawu sanatumize."

"Ndiye tilembe bodza kuti anthu atseke pakamwa?"

"Ndi mwana wanga. Sindingamuvule pagulu."

"Nanga ine?"

"Iwe unalipo. Ukufunanso mwala ukuuze?"

A Fumbi anayamba kunamizira kufunafuna pensulo. Koma kwa inu ndinena poyera: inde, ndinkafuna. Sindinkafuna dzina langa pamwala, ayi. Ndinkangofuna kuti chinthu chimodzi chokha chomwe ndinachita ine, inu osachita, chisalembedwe ngati tinachitira limodzi. Sukulu munapita ndinu, ndege munakwera ndinu, dzina lokoma anapatsa inu. Ine ndinatsala ndi chipinda chija ndi fungo lake, ndipo nachonso mwachitenga ndi mizere inayi. Zikundiwawa, achimwene, zikundiwawa kwambiri. M'basi pobwerera, ine ndi mayi aliyense ankayang'ana zenera lake.

Dzulo ndinadutsako pochokera kuntchito. Mwala watha. A Fumbi ntchito amaidziwa, zilembo zili mwaa, azipaka utoto wagolide, ndipo chopweteka n'chakuti ndi wokongola zedi. Ndinapeza mayi wina amene wataya mwamuna wake posachedwa ataima patsogolo pake, akuwerenga misozi ili chuchuchu. Anandifunsa ngati ndingalole kuti akopere mawuwo. Ndinati tengani mayi, amakwana aliyense. Ndiye dziwani kuti ndakatulo yanu yayamba kale kutchuka.

Koma ndinaona chinthu china. Dzina la bambo ndi mizere yanu azipanikiza kumtunda, theka la pansi lili see, lopanda kanthu. Ndinafunsa ngati analakwitsa muyeso. A Fumbi anakanda m'mutu n'kuti mayi anabwereranso okha patapita masiku, kudzawauza kuti asiye malo.

Nditafika kunyumba ndinawapeza pa tebulo akupinda zovala. Ndinati, "Mayi, munapita nokha kwa a Fumbi osandiuza? Malo ajawo ndi a chiyani?"

"Usadzipusitse, ukudziwa. Tigulirenji miyala iwiri pomwe bedi linali limodzi?"

Ndinayamba kuwakalipira kuti asamalankhule zotero, iwo n'kundidula ndi dzanja. Anapinda malaya anga mpaka kumaliza, anawasalaza bwinobwino, kenako anati:

"Ukamawalembera achimwene ako uwauze izi, usachotsepo. Pamwamba paja ndawaphimbira ine. Polemba pansi paja ine sindidzakhalapo, wosankha mawu adzakhala mlongo wawo."

Ndalemba monga ananenera, sindinachotsepo. Mayi amandidziwa bwino.

Zina zomwe iwo sangakuuzeni pafoni, poti kwa inu nthawi zonse amati ali gwa: mapazi ayamba kutupa, nsapato za kutchalitchi sizikulowanso, ndipo akamakwera masitepe amaima pakati kuti apume. Adokotala akuti mtima watopa, awonjezera mapiritsi. Sindikupempha kuti mubwere. Ndinapempha kokwanira chaka chatha, mawu opemphera anandithera. Ndangokuuzani kuti tsiku lina musadzati simunadziwe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa cha juzi anatumizira mayi, akuivala. Ana muwapsompsone. Chithunzi cha mwala ndikutumizirani akakauimika, kuti muone momwe mawu anu akuwalira. Mayi akuti mudye bwino, musamagwire ntchito mopitirira, ndipo akuti amakupemphererani m'mawa uliwonse. Zimenezo ndi zoona, ndimawamva ndili kukhitchini.

Ndine mlongo wanu,
amene adzaime yekha pamaso pa a Fumbi tsiku limenelo.