Bambo Amene Tadala Wawakwirira

Lachitatu. Tsiku la lero landinyansa.

Ndafika masana kuchokera kumgodi, fumbi lofiira likadali m'makutu, ndapeza pepala patebulo. Ndi nkhani imene mwana wanga Tadala akulemba popempha malo ku yunivesite ya ku Amerika. Mutu wake: "Kukula wopanda bambo."

Ndamufunsa kuti bambo akewo anamwalira liti. Wayankha m'Chingerezi, maso ali pafoni, kuti mlangizi wa kusukulu wati nkhani ya netibo imene analemba poyamba ndi yozizira, akuluakulu a kumeneko amafuna zomvetsa chisoni. Tadala akuti poti ndimakhala kumgodi masabata awiri, kunyumba sabata imodzi, si bodza kwenikweni.

Mlangizi wanji wosaka maliro m'nyumba za eni? Mayi ake akuti, "Bambo a Tadala, musiyeni, bola apeze malo." Nawonso avomera umasiye.

Ndawerenga mpaka kumapeto. Za m'mene ndimawaukira pa dzuwa la kuno ku Girrawheen kumene tikukhala, kumuchemerera kumasewera, palibe. Koma masiku ake obadwa amene ndinajomba, onse anayi alimo, ndipo sananame.

Lachiwiri m'mawa malemu akweranso ndege yobwerera kumgodi.