Njoka ya m'malipenga a Loya

Lolemba, 3 Malichi

Kwa a Loya tsiku lonse. Agula masipika awiri a lipenga, aatali ngati chitseko, kukamwa yasa! Sofa yathamangitsidwa pabalaza. Madamu awo nkhope gwa, poti sofayo anasankha okha.

Ampulifaya nayo agula chimphona, mawati mazana atatu. Wogulitsa anawanamiza kuti sipika yaikulu imadya kwambiri. Malipengawa sachedwa kumva: wati imodzi yokha, nyumba yadzaza. Kuwapatsa mazana atatu n'kuthirira duwa la m'chitini ndi paipi ya ozimitsa moto. Ndipo chimene ampulifaya yanong'ona, iwo amalalikira mudzi wonse. Alamu anga enieni.

Dandaulo lomwe andiitanira kuti ndikonze: nyimbo ikatha pamatsala kaphokoso ka "sii", ngati njoka. Ine sindinakamve. Ndinangogwedeza mutu mwaukatswiri. Msana ukuwawa.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndapita ndi kaampulifaya kanga ka mavalavu, timababu tagalasi takale tija, mawati asanu ndi atatu. A Loya anakayang'ana ngati ndabweretsa mwanapiye kuti akoke ngolo. Titayatsa, mawindo njenjenje. Iwo kukamwa pululu. Loya kusowa chonena! Zokhazi n'zoyenera kulemba.

Nyimbo itatha ndinagunditsa khutu pa lipenga. Zii. Ndinati zatheka. Madamu, ali kukhitchini: "A Makutu, njoka yanu ija ikadalipo." Kukhitchini, kuseri kwa khoma!

Anthu olemera. Akagula chodula amamva ndi zomwe kulibe.

Loweruka, 8 Malichi

Mawaya ndasintha. Mavalavu ndasintha. Firiji tinazimitsa mpaka nyama ya madamu kuyamba kudontha. "Ikadalipo."

Dzina la Makutu ndinalitenga ku koleji, aphunzitsi akundiitana kudzamva zomwe zawakanika. Ndi lomwe landidyetsa mpaka imvi. Lero ndikusaka njoka imene sindikuiona, sindikuimva.

Kunyumba nako moto. Mayi a ana akuti ketulo inaimba mluzu mpaka madzi kuphwa, ine ndili pompo ndi nyuzipepala. "Kapena makutuwo mumawasiya kuntchito?" Ndinati ketuloyo yakalamba, mawu anaithera. Sanaseke. Anangondiyang'ana, kundiyang'anabe.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kushopu kwanga. Ndalumikiza mita yoyezera phokoso ku kaampulifaya kaja. Singano ikugwedera. Njoka ilipo. Madamu samanama.

Ndinakhoma chitseko, n'kuyatsa makina oyesera mawu, kuyambira mawu a besi kukwera pang'onopang'ono ku opyapyala. Ndisanafike patali, zii. Singano ikuvinabe, ine ngati ndili kumanda. Makinawo ndinawapatsa mbama. Analibe mlandu.

Chakudya chabwerera osachikhudza.

Lachinayi, 20 Malichi

Cholembera chinkalemera masiku onsewa. A Loya akungoimba foni; ndawauza kuti ndikudikira zipangizo.

Kuchipatala. Kachipinda ngati kabati, zomvera m'makutu, kabatani m'manja. "Mukamva, dinani." Woyezayo kudikira, ine kudikira. Potuluka: "Bambo, mumagwira ntchito yaphokoso?" Ayi mwanawe, ndimagwira ntchito yomva.

Akuti mawu opyapyala anapita, ndipo sabwera. Akuti kulipo kachipangizo kovala m'khutu. A Makutu atavala kachipangizo! Ndani angapereke malipenga ake kwa munthu wotere? Mbiri ikangotuluka, basi, ndikakonza mawailesi pansi pa mtengo.

Ndatopa. Tulo tokha n'timene sitifuna makutu.

Loweruka, 22 Malichi

Ndinawauza mayi a ana m'mawa, maso ali pa kapu ya tiyi. Ndimayembekeza misozi. Iwo: "Ndinadziwa kalekale. Chaka chino mwavomera zonse, ngakhale zoti amayi anga abwere."

Anavala nsapato n'kunditsata kushopu. Mita imangonena kuti phokoso lilipo. Sinena ngati khutu la madamu lidandaule. Ndiye ndinawakhazika patsogolo pa kalipenga kanga koyesera, maso otseka, dzanja m'mwamba. Njoka ikakula dzanja likwere, ikachepa litsike. Ine kumbuyo ndi chowotcherera mawaya.

Mpaka masana dzanja lili mlengalenga ngati mwana wasukulu wodziwa yankho. "Abambo, phewali mudzalisisita ndinu."

Vuto: kaampulifayako kamakweza mawu mopyola chimene malipenga akufuna, njoka n'kukwera nawo. Ndachepetsa makwezedwe ake. Dzanja linatsika, kutsika, mpaka pa bondo.

"Yafa." Kenako: "Malipiro anga ndi sofa ya kwa a Loya ija."

Lolemba, 24 Malichi

Kwa a Loya ndi kaampulifaya kaja. Madamu anamvetsera mutu uli pendeke. "Yapitadi." Mpaka tiyi anandipatsa, m'kapu ya alendo.

A Loya anaika nyimbo, maso tsinzinu. "Mwakamva kabelu ako kumapetoko? Makutu anuwa, a Makutu, akufunika inshuwalansi!" Ndinagwedeza mutu. Kabelu kulibe kwa ine.

Akuti mnzawo, jaji, nayenso wagula malipenga, ndipo andiyamikira kale. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Zomwe zinatuluka: "Ndidzabwera ndi mayi a ana. Masiku ano timagwira awiri."

Mayi a ana eni akewo sindinawauze. Nditalemba mzere umenewu ndinatukula maso. Aima pakhomo, dengu la zochapa m'chiuno, dzanja m'mwamba ngati kushopu kuja.

Ketulo ikuimba mluzu eti. Ndadzuka.