Mwana wanga akuti akukalalikira azungu kwawo

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye wa zaka 59, ndimakhala ku Malindi kuno ku Mangochi. Ndinabadwira mu mpingo wa Anglican, ndinakwatiwira momwemo, ndipo amuna anga tinawaika m'manda a pamishoni. Agogo anga aamuna ankagwira ntchito ya ukalipentala kwa amishonale, ndipo ife tinakula tikudziwa kuti Mawu a Mulungu anachokera ku Mangalande, anabwera ndi azungu. Lero mwana wanga akuti akupita kukalalikira azungu omwewo kwawo. Mutu wanga sukugwira.

Mwanayo ndi Lusiya, wachisamba wanga, namwino pa chipatala china m'tauni ya Mangochi. Zaka zinayi zapitazo iye ndi mwamuna wake Gilford, amene ndi mphunzitsi, analowa mpingo watsopano umene likulu lake lili ku Ghana. Amapemphera m'holo ya lendi kuseri kwa msika. Poyamba ndinkayesa ndi timipingo tija timabwera ndi phokoso n'kutha chaka chisanathe. Koma uwu sunathe. Akuti uli m'maiko oposa makumi asanu.

Mwezi watha anabwera onse awiri, n'kundiuza kuti mpingo wawasankha kuti akatsegule nthambi ku Mangalande kwa zaka ziwiri. Ndinaseka, ndimaona ngati nthabwala. Nditafunsa kuti akawauza chiyani eni ake Baibulo, Lusiya anati, "Amayi, m'tauni imene tikupitayo tchalitchi chachikulu anachisandutsa sitolo ya makapeti. Opemphera atsala ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu akuda ngati ife."

Ndinapita kwa wansembe wathu ndikuyembekeza kuti andiuza kuti ndi bodza. Iwo anangovula magalasi n'kunena kuti mwanayo sananame kwenikweni. Anati ngakhale mu mpingo wathu womwe, anthu amene amadzaza matchalitchi Lamulungu ku Nigeria ndi ku Uganda ndi ochuluka kuposa a ku Mangalande, ndipo alipo ansembe a ku Africa kuno amene akutumikira kumeneko. Ndinabwerera kunyumba wosokonezeka kuposa mmene ndinapitira.

Lamulungu lina ndinakwera kabaza mwakachetechete kukadzionera ndekha. Kutsogolo kwa holo kunali sikirini yaikulu. Mkulu wa mpingo wawo ankalalikira ali ku Ghana, ndipo pambali pankaoneka anthu a ku Brazil, a ku Korea ndi kwina, onse akuimba nyimbo imodzi, aliyense m'chinenero chake. Pa sikiriniyo ndinaona mzungu wa imvi atagwada, mtsikana wachikuda atamusanjika manja. Aphungu, ndinalira, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati ndinalira chifukwa chokondwa kapena chifukwa choona kuti zonse zimene ndinkadziwa zatembenuzika. Pobwerera ndinkamva ngati ndaba kanthu.

Tsopano vuto lenileni ndi ili. Lusiya wandipempha zinthu ziwiri. Akufuna kuti pa tsiku lowatsanzika ndikaime kutsogolo kwa mpingo wawo n'kumusanjika manja monga mayi wake. Amayi anzanga a m'bungwe la amayi akuti ndikakatero ndiye kuti ndaukana mpingo wanga pamaso pa anthu. Akufunanso kuti ndisunge mwana wawo Dinala, wa zaka zisanu, koma ndisamapite naye ku tchalitchi chathu. Akuti mayi wina wa mpingo wawo azidzamutenga Lamulungu lililonse kupita naye kutauni. Nditamukumbutsa kuti Dinala ndinamunyamula ndekha pa ubatizo wake, anati wa ukhandawo sunali ubatizo. Mawu amenewa anandilasa, ndipo papita milungu itatu ndisakuyankha foni yake.

Achimwene anga a Mustapha, amene ndi Msilamu chifukwa tinasiyana bambo, anati, "Achemwali, ife sitinayang'anepo ku Mangalande popemphera. Mukudabwa chiyani kuti Mulungu alibe kwawo? Mulekeni apite." Koma iwo omwewo akuti Dinala ndi wa mbumba yathu, asatengedwe ndi mlendo ngakhale tsiku limodzi. China chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti Lusiya walemba kale kalata yosiya ntchito, kungoti sanaipereke. Ulendo ndi wa mwezi wamawa.

Kodi mwana wanga ndi mmishonale ngati aja tinkawalemekeza, kapena wasochera? Ndikakamudalitsa ndachimwa? Ndikakana, sindimutaya? Ndithandizeni.

A.K., Malindi, Mangochi

Mayi A.K.,

Yambani mwayankha foni ya mwana wanu. Milungu itatu yakwana, ndipo nthawi yatsala yochepa. Zonse zimene ndinene pano sizingatheke ngati simukulankhulana.

Zoti anthu a ku Africa akupita kukalalikira ku Ulaya zisakuzunguzeni mutu. Wansembe wanu wakuuzani zoona. Chikhristu chakula kwambiri kuno kwathu, ku Asia ndi ku South America, ndipo mipingo yobadwira kumeneku ikutumiza anthu ake kunja. Zimenezi sizikufafaniza ntchito ya agogo anu kapena chikhulupiriro chanu. Lusiya anaphunzira kupemphera ali kumsana kwanu. Koma kukula kwa mpingo si umboni wakuti ulendowu wakonzedwa bwino, ndipo apa ndi pamene muyenera kutsegula maso.

Aitaneni onse awiri, pakhalenso a Mustapha ndi munthu mmodzi wa kwawo kwa Gilford. Musakambirane za mpingo woona ndi wabodza, simudzamaliza. Funsani mafunso a kholo. Viza yawo ndi ya mtundu wanji, ndipo ikuwalola kuchita ntchito imene akupitirayo? Akakhala kuti, adzadya chiyani, akadwala adzawasamala ndani? Tikiti yobwerera ilipo? Zonsezi zikhale pa pepala la mpingo, losainidwa, ndipo inu musunge lanu. Apempheni nambala ya Mmalawi amene anatumidwapo kale ndi mpingowu, mulankhule naye nokha. Mpingo wolongosoka sukwiya ndi mafunso otere. Mukamva zoti pasipoti azikasunga abusa, kapena zoti kufunsa ndi kuchepa chikhulupiriro, muuzeni Lusiya mosabisa kuti asakwere ndege. Kalata yosiya ntchito ija aisunge kaye, akafunse kwa abwana ake ngati angamupatse tchuthi chosalipidwa. Gilford achitenso chimodzimodzi.

Pa za Dinala, Lusiya wapempha zambiri. Sangakusenzetseni mwana zaka ziwiri n'kukuuzani kuti mumubise ku nyumba imene inu mumapempheramo. Muuzeni mofatsa kuti mwana azipemphera kumene akugona. Komanso inu vomerani kuti Dinala ali ndi makolo ake, amene ali ndi mawu pa iye. Mungagwirizane kuti kamodzi pa mwezi muzipita naye nokha ku mpingo wa makolo ake, m'malo momupereka kwa munthu amene simukumudziwa. Za ubatizo muuzeni Lusiya kuti anakupwetekani mtima, amve kuchokera pakamwa panu. Nkhani yobatizanso iyembekeze mpaka mwanayo adzakule n'kudzisankhira.

Za kusanjika manja, mukakhutira ndi mayankho awo, pitani. Mukukadalitsa mwana wanu, simukukalembetsa mpingo. Auzeni wansembe wanu musanapite, kuti asadzamve kwa ena. Amayi anzanu adzalankhula milungu iwiri n'kupeza nkhani ina. Mtima ukakana ndithu kuima kutsogolo kwa holo ija, mudalitsireni pakhomo panu, pamaso pa abale, ndipo mumuuze chifukwa chake.

Chenjezo langa ndi limodzi. Musagwiritse ntchito Dinala kapena madalitso anu ngati chingwe chomangira Lusiya kuti asapite. Ndi munthu wamkulu, akatsimikiza apita ndithu. Kumene akupitako kumazizira, anthu ake satsegula zitseko msanga, ndipo lidzafika tsiku limene adzalalikira mipando yopanda anthu n'kubwerera kunyumba akulira. Mwana amene ananyamuka amake atamufulatira saimba foni zinthu zikavuta, amachita manyazi. Chitani zoti tsiku limenelo, nambala yoyamba imene adzaimbe idzakhale yanu.

Aphungu