Nyimbo zomwe ndinafufuta

Lachinayi, mwezi wa Novembala. Mvula tsiku lonse, koma ntchito sinawawe.

Poweruka kuchipatala ku Govan, kuno kutsidya la nyanja, Kavita, namwino mnzanga wachihindu, wanditenga pa galimoto yake. Mumalira nyimbo za m'mafilimu akwawo, ndiye ndamufunsa zomwe akuimbazo. Wati kwawo amati munthu amakhalira zinthu zinayi: udindo, chuma, chisangalalo, ndipo pomaliza kumasuka kwa mzimu. Nyimbo iliyonse akuti imagwera pa chimodzi mwa zimenezi, ngakhale yovinira.

Titaima pa maloboti wati, "Tandiwerengera za m'foni mwako."

Ndawerenga. Zakwaya, zapamaliro, za kwathu kumwamba. Ziwiri zokha n'zolimbikitsa kugwira ntchito.

"Nanga zachikondi zili kuti?"

Ndamuuza kuti ndinazifufuta chaka chomwe ndinalowa Mvano, gulu la amayi kutchalitchi kwathu. Palibe anandilamula. Ndinangoona kuti mayi wovala bulauzi yoyera sangapezeke ndi nyimbo za m'mabala.

Sanaseke. Wangoti, "Amayi anga anayamba kumvera zakumwamba zokhazokha atakalamba. Iwe wayamba kale kulongedza?"

Kunyumba ku Maryhill, ndikutsuka mbale, ndasaka pa intaneti nyimbo yomwe tinavina pa ukwati wathu. Ndaika motsitsa. Amuna anga, bambo a Chisomo, atulukira, kapu ili m'manja, n'kuima pakhomo la khitchini.

"Kodi kuli ukwati wa ndani?"

Ndati palibe. Sanachoke. Itatha ati, "Tabwerezani."

Ndabwereza. Mbale zidakali m'madzi, ndipo bulauzi yoyera yovala ku Mvano Loweruka sindinasite...