Insipekitala Wanga Wapeza Zolakwa za Bwana Wake

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 63. Ntchito yanga inali yokonza mawotchi ndi mawailesi, mpaka pamene maso anayamba kundinamiza ndipo anthu anayamba kuonera nthawi pa foni. Chibadwire sindinalemberepo nyuzipepala, ndiye ndikazungulira mundipirire. Nkhani ndi ya mwana wanga wamkazi wa zaka 23. Akhoza kuchotsedwa ntchito Lachinayi likudzali, ndipo mtima wanga ukundiuza kuti wolakwa ndine.

Kunyumba timamutcha Insipekitala. Kuti mumvetse dzinali, ndiyambe ndi kashopu kanga. Kanali kachipinda kopapatiza pakati pa telala ndi ometa tsitsi. Munali tebulo limodzi lalitali, nyale yopindika khosi, ndi mawotchi apakhoma asanu ndi awiri amene sanagwirizanepo nthawi ngakhale tsiku limodzi. Mpaka lero ndikamva fungo la waya wowotchedwa ndimabwerera m'kachipinda kameneko.

Mwanayu anachedwa kulankhula. Anafika zaka zinayi asanatchule ngakhale "amayi". Kukakhala phokoso, kaya la magalimoto kaya la ana anzake, ankatseka makutu ndi manja n'kukhala pansi pomwepo, ngakhale pakati pa msewu. Koma m'shopu muja ankakhala phee. Ndinkamukhazika pa bokosi pambali panga, n'kumupatsa mbale ya tizitsulo tosokonekera, iye n'kumatindanditsa kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu. Tinkakhala choncho tsiku lonse, osalankhulana, koma ine ndinkaweruka ngati ndacheza ndi mnzanga wapamtima.

Mawu ake oyamba omveka bwino sanali "ababa" ayi. Analoza wotchi ya pakona n'kunena kuti, "Yatsalira." Nditayang'ana, inalidi itatsalira ndi mphindi zinayi. Ndinalira, Aphungu, bambo wamkulu ndithu, telala mpaka anasuzumira kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Kuyambira pamenepo ndinayambitsa kamasewera kathu. Ndikamaliza kukonza wailesi, ndinkasiya dala cholakwa chimodzi, mwina kawaya kosalumikiza, mwina batire loyang'ana kolakwika. Kenako ndinkati, "Insipekitala, ntchito yatha." Iye ankaitembenuza uku ndi uku, lilime lili panja, mpaka atachipeza. Akachipeza ndinkatsegula chitini chofiira chimene chinkakhala pamwamba pa shelefu, n'kumupatsa switi imodzi, n'kunena kuti, "Zikomo, wandithandiza." Tinachita zimenezi tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa khumi.

Atafika zaka zisanu ndi zinayi anayamba kupeza zolakwa zimene sindinaike dala. Tsiku lina kasitomala wovala taye ataima pomwepo, iye anangoti, "Ababa, apa mwalakwitsa, ipsa imeneyi." Ine m'malo mochita manyazi ndinaseka kwambiri, n'kumupatsa maswiti awiri. Mayi ake atamva anandifunsa kuti, "Kodi inu mukulera mwana kapena mukulera wapolisi?" Ndinkayesa nthabwala chabe.

Ali kusekondale, dokotala wina woleza mtima anatiuza kuti mwanayu ali ndi otizimu. Anati ubongo wake umalandira zinthu mosiyana ndi anzake. Zimene ife sitiziona iye amaziona, koma nkhope ya munthu ikasintha, kapena munthu akalankhula mokuluwika, zimamudutsa. Chaka chomwecho munthu wina anandisiyira kompyuta yakale kuti ndichotsemo zitsulo, akuti yatha ntchito. Insipekitala anaidzutsa. Anadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu ndi mabuku obwereka, ndipo pofika kukoleji aphunzitsi ankamufunsa iyeyo zikawasokoneza. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo kampani ina yolemba mapulogalamu inamulemba ntchito. Tsiku limenelo ndinayenda mumsewu ngati ndatalikirapo.

Tsono kuntchito kwawoko ali ndi kachitidwe kakuti wina akalemba pulogalamu, mnzake aziiona kaye isanayambe kugwira ntchito. Sabata ziwiri zapitazo anamupatsa kuti aone ntchito ya mkulu wa gulu lawo, bambo amene anamulandira bwino, n'kumupezera tebulo la pakona kutali ndi phokoso la makina osindikizira. Mwana wanga amamulemekeza kwambiri bamboyu. Chifukwa cha ulemu umenewo anakhalira ntchitoyo masiku atatu, nkhomaliro osadya. Anapeza zolakwa 31. Anazilemba ndi manambala kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, popanda moni, popanda "pepani", n'kutumiza kwa gulu lonse, ndi mwini kampani yemwe.

Akuti pamsonkhano wa m'mawa mwake mkuluyo anangoti, "Taziona, zikomo kwambiri," nkhope ili gwa. Mwana wanga anamva "zikomo" yekhayo, ndipo anawonjezera kuti, "Ya nambala 17 ndi yoopsa, ngakhale wophunzira sangailakwitse." Iye ankatanthauza kuti aikonze msanga. 

Kuyambira tsiku limenelo anzake akamapita kukadya samuitananso. Kenako kunabwera kalata yomuitanira ku msonkhano Lachinayi, yokamba za "kakhalidwe ndi anzake pantchito". Dzulo masana ndinamupeza pakhonde atakumbatira mawondo, akugwedezeka monga ankachitira ali mwana. Anandifunsa kuti, "Ababa, ndinawapatsa zonse 31, sindinabiseko ngakhale imodzi. Nanga akwiyiranji? Inu simunkakwiya."

Aphungu, mawu amenewo andilasa. Ndine ndinamuphunzitsa kuti kupeza cholakwa cha munthu ndi kumukonda. Sindinamuuzepo kuti kunja kuno anthu alibe chitini chofiira. Ndipo pomuyankha ndinangoti, "Zitha bwino mwanawe."

Maganizo anga ndi akuti Lachitatu ndivale jekete langa ndikaonane ndi mwini kampani, ndikamufotokozere za otizimu ndi za chitini chija, mwana wangayo asakudziwa. Vuto ndi lakuti kuntchitoko sanauze aliyense za otizimu. Pamene ankayamba ntchito anandiuza kuti, "Akadziwa adzayamba kundilankhula pang'onopang'ono ngati mwana." Mayi ake akuti ndipite basi, ntchito sizipezeka wamba masiku ano. Chitini chija ndikadali nacho, ndimasungamo tizitsulo. Ndikachiyang'ana ndimalakalaka masiku aja pamene vuto lililonse la mwana wanga linkatha ndi switi imodzi. Kodi ndipite?

B. W. K., wokonza mawotchi wopuma

*

Bambo B. W. K.,

Jeketelo libwezereni pa msomali. Musapite.

Ndayamba ndi yankho chifukwa masiku atsala ochepa, koma ndisaname, kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo kachiwiriko magalasi anachita nthunzi. Inenso ndikukumbukira timashopu ngati kanuko, ta mawotchi osagwirizana, ndipo ndimatisowa. Koma mukudziimba mlandu umene si wanu. Mwana amene dziko linkamusokosera munamupezera bokosi lokhalapo, ntchito yogwira, ndi munthu womuuza "zikomo" tsiku lililonse. Luso limene likumudyetsa lero linamera pa tebulo lanu lija. Simunamuphunzitse bodza ayi, paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Chimene munasiya ndi theka lachiwiri la phunzirolo, lakuti khutu la munthu wamkulu salitsinira pagulu. Theka limenelo likhoza kuphunzitsidwa sabata ino.

Ndikukuletsani kupita chifukwa nkhani ya otizimu ndi yake, si yanu. Anakuuzani momveka chimene amaopa, kuti azimuona ngati mwana. Ndiye taganizani, bambo ake atulukira pa ofesi ndi jekete kudzamupepesera iye asakudziwa! Mukhala mutamuchitira ndi manja anu chimene amachiopacho. Ntchito mwina mungaipulumutse, koma akadzazindikira sadzakufunsaninso kanthu pakhonde paja. Mayi akewo muwauze kuti ndatero ndine.

Lero lomwe mukhale naye pansi, ndipo "zitha bwino" uja mumusiye. Munthu ngati iyeyu mawu ozungulira samuthandiza, amafuna kuuzidwa chinthu monga chilili. Funso lake linali labwino, liyankheni. Muuzeni kuti zolakwa 31 zija sizinali vuto. Vuto linali lakuti anaziona anthu onse ndi mwini kampani yemwe, ndipo mkuluyo anachita manyazi. Muuzeninso kuti mawu aja akuti "ngakhale wophunzira" anamveka ngati chipongwe ngakhale iye sankatanthauza zimenezo, komanso kuti "zikomo" wonenedwa nkhope ili gwa nthawi zina amatanthauza "wandipweteka". Musadabwe akafuna kuzilemba papepala. Musiyeni alembe, ndi mmene amagwirira zinthu.

Kenako mupange limodzi ndondomeko yaifupi, ngati yotsegulira wailesi osaswa chivundikiro. Cholakwa chizipita kwa mwini wake yekha poyamba. Aziyamba ndi moni, ndi chinthu chimodzi choona chimene chalembedwa bwino. Zoopsa zizikhala patsogolo, zing'onozing'ono zidikire. Ndipo azinena za pulogalamuyo, osati za nzeru za amene wailemba. Muyeseze pa tebulo la kunyumba, inu mukhale mkulu wokwiyayo. Mukaseka pakati pake palibe kanthu.

Lisanafike Lachinayi, iye mwini apemphe mphindi zisanu kwa mkuluyo, kapena amulembere ngati kulemba kumamupepukira. Asapepese chifukwa chopeza zolakwa. Apepese chifukwa cha malo amene anazinenera ndi mawu aja. Ndipo amuuze choona chimene bamboyo sakuchidziwa, chakuti anakhalira ntchito yake masiku atatu osadya nkhomaliro chifukwa amamulemekeza. Munthu amene anaganiza zomupezera tebulo la pakona si wouma mtima, wangopwetekedwa. Akamva zimenezo ndikukhulupirira kuti nkhope ija imasuka.

Za msonkhanowo, ali ndi ufulu wopempha kuti amulembere zimene akakambirane, kuti akonzekere. Akafika apemphe kuti amuuze momveka mmene amafunira kuti ntchito ya mnzake izionedwera, chifukwa kampani imene imauza anthu kuti azifufuzana zolakwa, koma osawauza kanenedwe kake, nayonso ili ndi mbali yake. Kuulula za otizimu kuli ndi ubwino wake, pakuti mabwana anzeru akadziwa amayamba kulankhula mosabisa ndi kumuteteza ku phokoso. Kulinso ndi kuipa kumene iye anakuona kale. Akhoza kukambirana ndi dokotala kapena mlangizi wodziwa za otizimu, koma wosankha ndi iye. Akhozanso kungonena kuti, "Ine zokuluwika zimandidutsa, ndikakulakwirani mundiuze mwachindunji," osatchula dzina lililonse.

Sindikulonjezani kuti Lachinayi litha bwino. Kalata yotere nthawi zambiri imakhala chenjezo chabe, koma mitima ya anthu sindiidziwa. Zikavuta, munthu amene amaona zolakwa 31 pamene ena sanaonepo ngakhale chimodzi sakhala pakhomo nthawi yaitali.

Chenjezo langa ndi ili. Pomuphunzitsa kanenedwe, musamuphunzitse kutseka maso. Ndawaonapo achinyamata aluso ngati iyeyu amene atadzudzulidwa kamodzi anayamba kusekerera zilizonse, kuona cholakwa n'kungokhala chete, madzulo n'kufika kunyumba atatheratu ndi kudzibisa. Ya nambala 17 ija inali yoopsadi, ndipo ina yotero akadzaiona ayenera kuinena. Sakufunikanso gulu lonse la anzake odya nawo nkhomaliro. Mmodzi womumvetsa ndi wokwanira, monga inu munalili wokwanira m'kashopu muja.

Pomaliza, poti kwanu kupeza cholakwa ndi mphatso, nanenso ndakupezerani chimodzi m'kalata yanu. Mwafunsa mayi ake, mwafunsa chitini, mwafunsa ine mlendo wa m'nyuzipepala, koma palibe pamene mwalemba kuti mwamufunsa iye mwini chimene akufuna kuti mumuchitire. Safunsa anadya phula, bambo. Khuthulani tizitsuloto, mugule maswiti, muike chitinicho patebulo. Kenako mumuonetse kalata yanuyi pamodzi ndi maganizo anu a jekete aja, n'kumuuza kuti, "Insipekitala, ntchito yatha." Achipeza cholakwacho musanamalize kukhala pansi. Mumupatse switi yake, ndipo yangayo mundisungire.

Aphungu