Kompyuta Yotseguka Loweruka

Lachitatu masana, ana asanaweruke.

Mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Ife tilipo, mwendo wokhawu ndiwo ukuvuta.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanga wamkazi uja. Pepala lake la masamu ndinaliona ndi maso angawa, lochongedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma zotsatira zitatuluka, akuti walephera, abwereze kalasi.

Ndinapita kusukulu. Aphunzitsi ake akuti masiku ano malikisi amalowetsa m'kompyuta, ndipo akangotumiza, imatseka yokha. Ine ndinati, "Aphunzitsi, kompyutayo ili ndi zala? Analembamo ndani?" Anangoseka, amvekere, "Agogo, izi simungazimve."

Chabwino, sindinaphunzire. Koma dzulo mwanayu wandiuza kuti aphunzitsi aja anamuitanira pambali, ati nambala yotsegulira ali nayo okha, angathe kukonza. Apite kunyumba kwawo Loweruka, yekha. Kompyuta yomwe inakana kutseguka pamaso pa ine ija! Mwanayu sakudya, ndipo nditamufunsa ngati aka n'koyamba kumuitana, anangoyang'ana pansi.

Loweruka ndipita ndine, ndi ndodo yanga, tikaone ngati itseguke.

Ukawerenga kalatayi uwapatse bambo ake a mwanayu. Aleke kumukalipira pafoni kuti ndi waulesi. Abwere.

Ndine mkulu wako.